Momwe mungagwiritsire ntchito can, may, must ndi anzake osasokoneza tanthauzo

Timawu ta Chingerezi monga can, could, may, might, must, shall, should, will ndi would, tomwe aphunzitsi amati ma modal verbs, nditating'ono koma ndi timene timachititsa kuti imelo yanu imveke yaulemu kapena yamwano, kuti lamulo limveke lamulo kapena langizo chabe. Ambiri timangoloweza tanthauzo limodzi pa liwu lililonse, can ndi kutha, must ndi kuyenera, basi tathana nazo. Koma pafupifupi liwu lililonse apa limagwira ntchito ziwiri kapena zitatu, ndipo mukangoikapo not tanthauzo limatha kukhotera kwina komwe simumayembekezera. Nde ine ndimati yambirani pa zomwe mukufuna kunena, liwu libwere pambuyo.

Sitepe 1: Gwirani kaye kamangidwe kake

Apa sitichedwapo. Pambuyo pa modal pamabwera mneni wosasinthidwa, wopanda to, wopanda s, wopanda ed. "She can swim", osati "she cans swim" kapena "she can to swim". Pofunsa simufuna do ayi, mumangotembenuza: "Can she swim?" Pokana mumaphatikiza not. Ma modal awiri sayenderanso limodzi, "I will can come" kulibe, mumati "I will be able to come". Ought, yemwenso ndi modal wofanana ndi should, yekha ndi amene amanyamula to. Have to amaoneka ngati wa m'gulu lomweli koma amachita zinthu ngati mneni wamba, amatenga s komanso do: "She has to go", "Does she have to go?"

Sitepe 2: Dzifunseni kuti mukunena chani kwenikweni

Musanalembe chiganizo, imani pang'ono. Kodi mukunena zoti munthu amatha chinthu, zoti waloledwa, zoti akuyenera kuchita, kapena mukungosonyeza mmene mukukhulupirira kuti nkhaniyo ndi yoona? Taonani must yemweyu: "He must sign the form" ndiye kuti akuyenera kusaina fomu, koma "He must be tired" sikuti tikumulamula kuti atope ayi, tikunena kuti mmene tikuonera ife watopa ndithu. Funso limeneli likayankhidwa zotsatirazi zimayenda zokha.

Sitepe 3: Kutha kuchita chinthu

Za panopa ndi can, za mtsogolo ndi will be able to. Pa zakale ndi pomwe pali kamsampha. Could amanena za luso lomwe munthu anali nalo nthawi yaitali, "I could read when I was five". Koma ngati mukunena za chinthu chimodzi chomwe chinatheka ulendo umodzi, makamaka movutikira, could samveka bwino, pamafunika was able to kapena managed to: "The door was locked but I managed to open it". Chosangalatsa nchakuti pokana vutoli limatha, couldn't amagwira konse konse, "I couldn't open it" ili bwino basi. Ndipo ndi aneni monga see, hear, smell ndi understand, could amaloledwa ngakhale pa ulendo umodzi: "I could hear them talking".

Sitepe 4: Kupempha ndi kupereka chilolezo

Ife timangoti "ndingalowe?" ndipo ulemu umamveka pa mawu ena ndi mmene talankhulira, koma pa Chingerezi ulemu wambiri uli mu modal yemwe mwasankha. "Can I use your pen?" ndi wa tsiku ndi tsiku, kwa mnzanu kapena aliyense amene mwazolowerana naye. "Could I use your pen?" waulemu kwambiri, ndipo ngati mukukayika ine ndinganene kuti sankhani ameneyu, samukhumudwitsa aliyense. "May I come in?" ndi wa malo olemekezeka, pa intavyu, kwa abwana, m'kalata. Mudzamva ena akunena kuti can sapempherera chilolezo, eti amangonena za kutha basi, koma eni chilankhulo amapempha ndi can tsiku lililonse ndipo palibe cholakwika.

Chomwe muyenera kusamala ndi yankho. Munthu akafunsa "Could I sit here?" simuyankha "Yes, you could", zimamveka ngati mukuti nzotheka koma simunamulole, mumati "Yes, you can" kapena "Of course". Pokaniza ndi can't, kapena may not pa zolembedwa zamalamulo. Za chilolezo chomwe chinaperekedwa kale ulendo umodzi, gwiritsani was allowed to: "I was allowed to leave early yesterday".

Sitepe 5: Udindo, ndipo apa ndi pomwe anthu amapwetekera

Must ndi have to onse amanena kuti chinthu chikuyenera kuchitika. Kusiyana kwake nkochepa, must nthawi zambiri amachokera mumtima mwa wolankhulayo kapena pa lamulo lolembedwa, "I must call my mother", "Passengers must wear seat belts", pomwe have to amanena za chinthu chomwe chakukakamizani kuchokera kunja, "I have to work on Saturday". Mukasinthanitsa palibe amene angasochere, koma dziwani kuti kuuza munthu wamkulu kapena kasitomala kuti "You must send it today" kumamveka ngati mukumulamula, bola "Could you send it today?" kapena "We need it today". Must alibenso nthawi yakale, kalekale pa Chingerezi chamakedzana iyeyu ndiye anali mawu a nthawi yakale a mneni wina amene anazimiririka, nde za dzulo timati had to, za mawa will have to.

Tsopano mvetserani apa chifukwa ndi pomwe ndikufuna mugwire kuposa pena paliponse. Must ndi have to amafanana akamavomera, koma akamakana amasiyaniranatu. "You mustn't come" ndiye kuti musabwere, nzoletsedwa. "You don't have to come" ndiye kuti palibe chokukakamizani, mukafuna bwerani mukafuna khalani. Mutu ukamaganiza m'Chichewa mawu oti "simukuyenera kubwera" amatha kutanthauza zonse ziwirizi, nde munthu amangotola mustn't poganiza kuti akumupeputsira mnzake ntchito, pomwe wamuletsa. Tangoganizani kulembera munthu amene amafuna kudzakuonani mukudwala kuti "You mustn't come", inu mukutanthauza kuti asavutike, iye akumva kuti simukumufuna. Kapena mbali inayo, yomwe ndi yoopsa zedi, kulemba "You don't have to take this medicine with alcohol" pomwe mumafuna kunena kuti asayerekeze n'komwe. Njira yake ndi iyi: ngati m'malo mwake mungaikepo "nzoletsedwa", lembani mustn't kapena can't. Ngati mungaikepo "zili kwa inu", lembani don't have to, don't need to kapena needn't.

Should ndi ought to ndi ofewa, ndi langizo, "You should see a doctor". Kusiyana kwa must, should ndi may si nkhani ya mayeso yokha, akatswiri olemba malamulo a kayendedwe ka intaneti anachita kukulemba mu chikalata chotchedwa RFC 2119 chomwe Scott Bradner analemba mu 1997, ndipo mmenemo MUST ndi chinthu chosakambirana, SHOULD mutha kuchisiya pokhapokha muli ndi chifukwa chomveka, MAY ndi kufuna kwanu. Polemba malamulo a gulu kapena a pantchito mutha kutsata zomwezo. Shall musavutike naye, masiku ano amapezeka kwambiri mu makontrakiti ndi pa mafunso ngati "Shall we start?" makamaka ku Britain.

Sitepe 6: Kusonyeza mmene mukutsimikizira

Apa ganizirani ngati makwerero. Pamwamba pali must, mwaona umboni ndipo mwatsimikiza: "The lights are on, she must be home". Pakati pali may, might ndi could, onse ndi mwina, "She might be home". Should ali pamwamba pang'ono pa amenewa, amanena zomwe mukuyembekezera ngati zonse zayenda bwino, "The parcel should arrive tomorrow". Pansi penipeni, pomwe mwatsimikiza kuti ayi, pali can't: "She can't be home, I just saw her at work". Onani kuti pano wotsutsana ndi must ndiye can't, pa Chingerezi cha ku Britain mustn't amasungidwira kuletsa kuja, ngakhale ku America mudzamva "she must not be home" ndipo kwa iwo zili bwino. Samalaninso might not ndi couldn't, "It might not be true" ndi mwina si zoona, pomwe "It couldn't be true" ndi sizingatheke olo pang'ono. Ndipo can sanena za mwina pa chinthu chimodzi chomwe chili patsogolo panu, "It can rain tonight" siimveka, mumati "It may rain tonight" kapena might.

Sitepe 7: Zakale, modal kuphatikiza have

Mukafuna kulingalira kapena kudandaula za zomwe zinapita, ikani have ndi past participle, uja wa gone, seen, taken. "He must have forgotten", waiwala ndithu ameneyo. "He can't have seen it", sizingatheke kuti anaziona. "He might have left", mwina anachoka. "You should have told me" ndiye kudandaula, mukanandiuza koma simunandiuze, nde mawu amenewa amabaya, muziwatulutsa mosamala. "You needn't have paid" ndiye kuti munalipira koma panalibe chifukwa. Have ameneyu sasintha, ngakhale ndi he kapena she sakhala has kapena had. Ndipo mukaona pa Facebook anthu akulemba "should of" kapena "could of" musatengere, ngakhale akhale eni chilankhulo, zimachokera pa kamvekedwe ka should've ndi could've koma polemba ndi have.

Sitepe 8: Yeserani pa zolemba zanu zomwe

Tsegulani mameseji kapena maimelo a Chingerezi omwe munatumiza posachedwa, pezani modal aliyense ndipo pambali pake lembani kuti anali wa kutha, chilolezo, udindo kapena kutsimikiza. Kenako chiganizo chilichonse chitembenuzeni chikhale chokana, komanso chikhale cha dzulo, muone ngati liwu lomwelo likukhalabe kapena likufuna kusinthidwa, must wa udindo asanduka had to, must wa kutsimikiza asanduka must have, ndipo paliponse pomwe mwapeza mustn't werenganinso kawiri ngati mumafunadi kuletsa.