Momwe mungalimbitsire jelo, loshoni ndi sopo wamadzi wopanga nokha

Amene anayesapo kupanga sopo wamadzi kunyumba akulidziwa vuto ili. Mwasakaniza bwinobwino, thovu lilipo, fungo ndi labwino, koma mukapendeketsa botolo sopo akungokhuthuka ngati madzi. Mwathira mchere, walimbako, mtima wakhala pansi. Mwati ndiwonjezere pang'ono kuti alimbe kwambiri, ndiye mwadzidzidzi wasukulukanso, tsopano akuoneka mbuu. Ine zinandichitikira ndi chidebe cha malita asanu. Ndinachiyang'ana nthawi yaitali osamvetsa kuti mchere womwewo umene unalimbitsa sopo ndi umenenso wamuwononga.

Chimene ndinaphunzira pamenepo ndi chakuti palibe cholimbitsira chimodzi chimene chimagwira ntchito paliponse. Jelo, loshoni ndi sopo wamadzi zimalimba m'njira zosiyana, ndipo chimene chimathandiza china chingathe kupha chinzake. Mchere umalimbitsa sopo wina, koma mukauthira mu jelo ya carbomer (ufa umene umalimbitsa jelo zambiri zogula) imasungunuka nthawi yomweyo. Choncho musanagule ufa uliwonse, dziwani kaye chimene mukufuna kulimbitsa.

Yambani ndi sikelo

Siyani masipuni. Zolimbitsira zambiri zimagwira ntchito pa mlingo wochepa kwambiri, nthawi zina theka la galamu pa magalamu 100 a zonse, ndipo sipuni singakuyezereni zimenezo. Pezani kasikelo koyeza mpaka magalamu 0.01, choyezera kutentha, timapepala toyezera pH (nambala yosonyeza mphamvu ya asidi: ikakhala yotsika ndiye kuti asidi ndi wambiri), ndi kabuku. Gwiritsani ntchito madzi otchezedwa, chifukwa madzi wamba amakhala ndi timichere timene timasokoneza zolimbitsira zina. Poyesa chinthu chatsopano pangani magalamu 100 okha. Mukatero peresenti imodzi imafanana ndi galamu imodzi, masamu savuta, komanso zikakanika simutaya zambiri.

Jelo ya xanthan gum

Kwa woyamba kumene ndimalangiza xanthan gum. Ndi ufa woyererako umene umapangidwa ndi mabakiteriya otchedwa Xanthomonas campestris akamadya shuga. Anautulukira ndi akatswiri a boma la United States motsogozedwa ndi Allene Jeanes m'zaka za m'ma 1950, ndipo unayamba kugulitsidwa m'ma 1960. Ubwino wake ndi wakuti sufuna moto, suopa mchere, ndipo umapirira asidi.

Vuto lake ndi limodzi, koma ndi limene limagwetsa anthu ulesi. Mukauwaza mwachindunji m'madzi, kunja kwa kambulu kalikonse kumanyowa n'kupanga chikopa, mkati mukadali ufa wouma. Mumaona timibulu tonyezimira tikuyandama, ndipo ngakhale mutakasa mpaka mkono kuwawa sitisweka. Njira yake ndi iyi: muyeze magalamu 5 a giliserini m'kapu, muthiremo galamu imodzi ya xanthan gum, mutakase mpaka mibulu yonse ithe. Ufawu sufufuma msanga mu giliserini, umangomwazikana, ndipo n'zimene tikufuna. Kenako thirani zimenezo m'magalamu 93 a madzi, pang'onopang'ono uku mukutakasa. Pasanathe mphindi zingapo mudzamva sipuni ikulemera. Malizani ndi galamu imodzi ya mankhwala oteteza kuti jeloyo isawole, muvundikire, muisiye maola angapo kuti ufa umwe madzi mokwanira.

Peresenti imodzi imapereka jelo yogwirana bwino. Mukapitirira kwambiri imayamba kunanda, imakoka ulusi mukaitapa ndi chala, ndipo ikauma pakhungu imafundukuka timinyololo mukapaka china pamwamba. Ngati mukufuna yopepuka yodontheza kumaso, magalamu 0.3 kapena 0.5 akwana.

Guar gum, wochokera ku nthanga za mbewu imene imalimidwa kwambiri ku India ndi Pakistan, amakonzedwa chimodzimodzi, koma jelo yake imaoneka mbuu ndipo imanandako. Hydroxyethylcellulose, imene ambiri amangoti HEC, imachokera ku ulusi wa zomera ndipo imapereka jelo yoonekera mkati. Imeneyi imafuna kudekha: imachedwa kufufuma m'madzi ozizira, koma mukawafunditsa imafulumira. Pitirizani kutakasa mpaka italimba, chifukwa mukaisiya msanga imakhazikika pansi n'kupanga chimbulu chimodzi.

Carbomer, ngati mukufuna jelo yowala ngati galasi

Jelo zambiri zogula, kuphatikizapo zopaka m'manja zophera tizilombo, zimalimbitsidwa ndi carbomer. Ndi ufa wopepuka kwambiri moti umauluka mukangopumira pafupi, choncho valani chotchinga mphuno poyeza. Wazani magalamu 0.5 pamwamba pa madzi, osatakasa mwamphamvu, muusiye maola angapo kapena usiku wonse kuti unyowe.

M'mawa mudzapeza madzi a mbuu, osalimba konse. Musataye mtima, ndi mmene zimakhalira. Carbomer akakhala m'madzi amakhala wa asidi, pH yake pafupifupi 3, ndipo amakhala wopindikana. Amatambasuka pokhapokha pH ikakwera kufika pa 6 kapena 7. Kuti pH ikwere, donthezani mankhwala otchedwa triethanolamine dontho limodzilimodzi, kapena sodium hydroxide wosungunula m'madzi ambiri, mukutakasa modekha. Pamafika dontho lina pamene madzi aja amasanduka jelo maso muli gwa, mbuu uja n'kuchoka. Yezani pH pamenepo n'kusiya. Sodium hydroxide amawotcha khungu ndi maso, choncho valani magolovesi ndi magalasi.

Mdani wa carbomer ndi mchere wamtundu uliwonse. N'chifukwa chake jelo yogula imasungunuka ikangokhudza dzanja la thukuta. Madzi a aloe vera ochuluka angathenso kuifooketsa, ndipo mukatsitsa pH ndi asidi imabwerera kukhala madzi. Ngati jelo yanu ili ndi aloe wambiri kapena asidi, bwererani ku xanthan gum kapena HEC.

Loshoni imalimba ndi mafuta ouma

Apa nkhani ndi ina. Loshoni ndi madzi ndi mafuta zimene zagwirizanitsidwa ndi sera yapadera yotchedwa emulsifying wax, ndipo kulimba kwake kumachokera makamaka ku mafuta olimba amene amasungunuka pamoto n'kuumanso akazizira. Odziwika ndi cetyl alcohol ndi stearic acid. Dzina lakuti alcohol lisakuopseni: cetyl alcohol si mowa, ndi timibulu toyera tonga sera timene timasungunuka pa madigiri 49, ndipo sitiumitsa khungu. Imapangitsa loshoni kuterera bwino popaka. Stearic acid amasungunuka pafupifupi pa madigiri 69, amalimbitsa kwambiri, koma loshoni yake imakoka pakhungu ndipo ikachuluka imasiya zoyera musanaipake n'kulowa. Ine ndimakonda cetyl alcohol pa loshoni ya thupi lonse, stearic acid ndimasungira mafuta olimba a kumapazi.

Poyesa koyamba tengani magalamu 71 a madzi ndi 3 a giliserini m'chiwiya chimodzi. M'china ikani magalamu 18 a mafuta amene mwasankha, 5 a emulsifying wax, ndi 2 a cetyl alcohol. Muike ziwiya zonse m'madzi otentha mpaka zifike pa madigiri 70, timibulu tonse titasungunuka. Yezaninso madzi aja, chifukwa ena amakhala atauluka ndi nthunzi, mubwezere amene asowa. Kenako phatikizani n'kusakaniza ndi makina ogwira pamanja kwa mphindi ziwiri kapena zitatu. Zidzasanduka zoyera, koma zamadzimadzi.

Pamenepa m'pamene ambiri amalakwitsa. Akaona zamadzimadzi amathamangira kuwonjezera sera. Ayi, dikirani. Loshoni yotentha imakhala yosukuluka nthawi zonse. Pitirizani kutakasa ikamazizira, ndipo ikatsika pansi pa madigiri 40 thirani galamu imodzi ya mankhwala oteteza. Kulimba kwake kwenikweni mudzakuona pakatha tsiku limodzi kapena awiri. Ikakhalabe yosukuluka, ulendo wina mukweze cetyl alcohol kufika pa magalamu 3, muchotse galamu imodzi ya madzi. Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, mulembe m'kabuku kaja.

Magalamu 0.2 a xanthan gum osakaniza ndi giliserini uja amathandiza kuti madzi ndi mafuta asalekane loshoni ikakhalitsa. Sera ya njuchi imalimbitsa, koma payokha singagwirizanitse madzi ndi mafuta. Malo ake ndi m'zodzola zopanda madzi.

Sopo wamadzi: dziwani kaye mtundu wake

Zimene timazitcha sopo wamadzi zilipo mitundu iwiri, ndipo kusasiyanitsa kumeneku n'kumene kumatayitsa anthu katundu.

Mtundu woyamba ndi wopangidwa ndi SLES, mankhwala a thovu amene ali m'mashampu ambiri ndi sopo wosambira m'manja. Uyu ndiye amamva mchere. Tizigawo ta SLES m'madzi timasonkhana n'kupanga timipira ting'onoting'ono timene timadutsana mosavuta. Mchere ukalowa, timipira tija timatalika n'kukhala ngati tizingwe timene timakolanakolana, ndipo sopo amalimba. Koma pali malire. Mukadutsa pamenepo kukolana kuja kumatha, sopo amasukulukanso. Chidebe changa chija chinafera pamenepa.

Chitani chonchi. Malizani kaye kuthira zonse, makamaka mafuta a fungo, chifukwa fungo lina limasukulula sopo pamene lina limamulimbitsa. Konzaninso pH musanafike pa mchere. Kenako sungunulani magalamu 20 a mchere m'magalamu 80 a madzi. Mchere wouma osauthira mwachindunji, umachedwa kusungunuka ndipo mumawonjezera wina usanayambe kugwira ntchito woyambawo. Patulani magalamu 100 a sopo m'kapu. Thirani galamu imodzi ya madzi a mchere aja, takasani modekha kuti pasachite thovu, dikirani mphindi ziwiri, tukulani sipuni muone mmene akutsikira. Bwerezani, mukulemba. Poyamba sizioneka kusintha, kenako sopo amayamba kutsika ngati chingwe chosaduka. Pa kapu yoyesera imeneyi pitirizani dala mpaka asukuluke, kuti mudziwe pamene pali phompho. M'chidebe chachikulu imani patali ndithu musanafike pamenepo. Kawirikawiri mchere wa pakati pa peresenti 1 ndi 2 umakwana, koma zimadalira kuchuluka kwa SLES. Ngati SLES ndi wochepa kwambiri, mchere sungachite kanthu. Cocamidopropyl betaine, amene ndi mankhwala ena a thovu, akakhala wochepa amathandiza sopo kumva mchere msanga, komanso amamufewetsa pakhungu.

Mukapyola mlingo musataye. Pangani sopo wina wopanda mchere, musakanize ndi wowonongeka uja pang'onopang'ono, adzalimbanso. Dziwaninso kuti sopo wolimbitsa ndi mchere amalimba kukazizira n'kusukuluka kukatentha, choncho musamuweruze akadali wofunda.

Mtundu wachiwiri ndi sopo weniweni, wophika kuchokera ku mafuta ndi potassium hydroxide. Uyu mwachibadwa ndi wosukuluka, ndipo pH yake imakhala pakati pa 9 ndi 10. Musayese kuitsitsa ndi asidi, chifukwa sopo amasweka, mafuta n'kuyandama pamwamba. Madzi a mchere amamulimbitsa ngati anapangidwa ndi mafuta ambiri a olive, koma wa mafuta ambiri a kokonati sasuntha, amangochita mbuu kapena kulekana. Njira yosavuta ndi kuchepetsa madzi posungunula phala la sopo limene limatuluka mukamaliza kuphika. Ikakanika imeneyo, tengani HEC, magalamu 0.5 mpaka 1 pa magalamu 100, musakanize ndi giliserini, muthire mu sopo wofunda n'kutakasa osaleka mpaka atagwirana.

Kunena zoona, sopo wolimba satsuka kuposa wosukuluka. Kulimba kumangothandiza kuti asadonthe pakati pa zala. Ngati sopo wanu weniweni akukana kulimba, muikeni m'botolo lopopa thovu, limene limafuna sopo wamadzimadzi ndithu.

Zosayenera kulimbitsira

Ndaonapo anthu akulangizana kulimbitsa zodzola ndi sitachi wophika kapena gelatin. Zimalimbadi, koma mwakonzera tizilombo chakudya, ndipo pakapita masiku ochepa fungo limasintha, chuku n'kumera. Choopsa n'chakuti mabakiteriya amachuluka kale maso asanaone kalikonse, ndiye inu mukupaka kumaso kapena pakhungu la mwana. Ngakhale xanthan gum ndi guar gum tizilombo timadya. Chilichonse chokhala ndi madzi chimafuna mankhwala oteteza. Phenoxyethanol amagwiritsidwa ntchito osapitirira peresenti imodzi, amenenso ndi malire a malamulo a European Union. Sodium benzoate amagwira ntchito pokhapokha pH ili pansi pa 5. Vitamini E si mankhwala oteteza ku tizilombo, amangochedwetsa mafuta kusasa.

Mukamaliza, thirani m'botolo loyera ndi louma, lembani tsiku ndi mlingo wa cholimbitsira chimene mwagwiritsa ntchito. Pakani pang'ono mkati mwa mkono n'kudikira tsiku lathunthu musanadzole thupi lonse. Patulaninso kabotolo kamodzi, mukaike pamalo ofunda kwa milungu iwiri kapena itatu, muzikayang'ana: ngati madzi ayamba kudikha pansi kapena mafuta kutuluka pamwamba, konzani kaye zimenezo musanapange zambiri.