Malo otsala m'galimoto si chilolezo chowonjezera matumba

Chiyambireni nyengo yogulitsa zokolola chaka chino, m'misewu yochokera ku Chadiza, ku Vubwi ndi ku Lundazi kulowa m'tauni ya Chipata mwachuluka magalimoto ofera m'njira, nthambi zamasamba zitayalidwa kumbuyo ndi kutsogolo kwake, matumba a chimanga ndi soya atatsitsidwa pansi, eni katundu atakhala pambali kudikira makaniko. Ambiri mwa magalimoto amenewa ndi ma Canter ang'onoang'ono ndi mavani, ndipo mukafunsa chimene chavuta mumamva zomwezomwezo: sipuling'i yathyoka, tayala lakumbuyo laphulika, kapena mabawuti a wilo aduka. Oyendetsa amaloza chala maenje a mumsewu. Maenjewo alipodi, koma pamalo pomwepo magalimoto ena adutsa bwinobwino, ndipo imene yafayo mukaiyang'ana mudzapeza kuti inanyamuka pakhomo pa mlimi itasenzetsedwa katundu woposa mphamvu zake.

Cholakwa chimene ndikufuna tikambirane ndi chimodzi, ndicho kuyeza katundu ndi maso. Galimoto ikafika pamudzi, anyamata amakweza matumba mpaka pamene malo athera, ndipo malo akatsala pang'ono mumamva mwini chimanga akunena kuti, "Onjezanipo khumi, adalaivala, malo akadalipo." Tisanamizire eni magalimoto okha, chifukwa kawirikawiri mawu amenewa amatuluka pakamwa pa ife alimi. N'zoona kuti wa galimoto amalipiritsa pa thumba lililonse, choncho kuchuluka kwa matumba kumamukomera, koma mlimi nayenso amafuna kuti zonse zipite pa ulendo umodzi kuti akaime pamzere wa ku depoti kamodzi kokha. Aliyense mwa awiriwa amaona ngati wapindula, ndipo palibe amene wawerenga makilogalamu.

Kuwerengako n'kosavuta. Galimoto yopangidwa kuti inyamule matani 3 imayenera kutenga matumba 60 a makilogalamu 50, basi. Koma eni ake ambiri anawotcherera zitsulo m'mbali kuti bodi italike, ndipo galimoto yomweyo mumaiona ili ndi matumba 90 kapena 100, amene ndi matani 4.5 mpaka 5. Zitsulo zowotchererazo zimawonjezera malo okha. Masipuling'i, mabuleki ndi matayala amakhala omwe aja anachokera nawo ku fakitale. Komanso matumba athu ambiri sakhala a makilogalamu 50 enieni, chifukwa timawatsendera ndi kuwasokerera pamwamba, ndipo chimanga chimene chakololedwa chisanaumitsitse chimalemera kuposa chimene chafika pa chinyezi cha 12.5 peresenti chomwe a FRA, bungwe la boma logula ndi kusunga zokolola, amafuna. Pali kusiyananso kwa mbewu kumene anthu safuna kukuganizira. Thonje, mpendadzuwa ndi nshawa zosasenda zimadzaza bodi kulemera kusanafike pamalire, pamene soya, chimanga ndi nshawa zosenda zimafika pamalire bodi ikuoneka ngati ili ndi njala. Woyendetsa amene dzulo ananyamula thonje mpaka pamwamba sangachite chimodzimodzi lero ndi soya. Pamwamba pa zonsezi pamakwera anthu, ndipo akuluakulu 10 okha amalemera kuposa theka la tani.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi nkhani ya mabuleki, popeza sipuling'i ikathyoka galimoto imangoima, koma mabuleki akakana pamatayika moyo. Mabuleki amaimitsa galimoto pokhuzana ndi chitsulo, ndipo kukhuzanako kumatulutsa kutentha. Katundu akachuluka kutenthako kumachulukanso, ndipo pa chitsikwe chachitali woyendetsa akamangoponda buleki osapumira, imafika potentha mpaka kuleka kugwira ngakhale aiponde ndi mphamvu zake zonse. Amene amapita ndi katundu ku Lusaka pa msewu wa Great East amadziwa mapiri ndi makona a pakati pa Nyimba ndi mlatho wa Luangwa, komanso a ku Manenekera kutsidya kwa mtsinjewo. Kumeneko galimoto yolemedwa ilibe chowiringula. Katundu akachulukira kumbuyo, mawilo akutsogolo amapepuka ndipo chiwongolero sichimveranso, ndipo akaunjikidwa m'mwamba, kona yaing'ono ikwanira kugubuduza galimoto yonse. Matayala nawo ali ndi nambala yolembedwa m'mbali yosonyeza kulemera kumene angathe kusenza, koma ambiri amene tikuyendera ndi ogula kale atatha, ndiye tikuwapatsanso ntchito yoposa imene akanaikwanitsa ali atsopano.

Bambo wina wa ku Kasenengwa anandifotokozera zimene zinawachitikira mwezi wathawu. Iwo pamodzi ndi mlamu wawo ndi mayi wina wamasiye anasonkhanitsa soya, nabwereka Canter kuti iwaperekeze kwa ogula m'tauni. "Alangizi," anatero bamboyo, "adalaivala ananena kuti matumba 70 ndi okwanira, koma ife tinawachonderera kuti otsala 15 aja sitingawasiye, ndipo anavomera titawawonjezera ndalama pang'ono." Atangolowa mumsewu wa tala, tayala lakumbuyo linaphulika, linzake la pambali pake linatsatira, galimoto inapendekeka ndipo mayi uja, amene anakhala pamwamba pa matumba, anagwa nathyoka mkono. Eni soyawo anagona pamsewupo usiku wonse, matumba ena anang'ambika soya n'kumwazika m'fumbi, ena anasowa mumdima, ndipo m'mawa anabwereka galimoto ina n'kulipiranso, pamene mwini Canter anakana kubweza kalikonse ponena kuti iwo ndiwo anakakamiza. Nditawafunsa chimene anaphunzirapo, anandiyankha kuti linali tsoka chabe, ndipo kuti ulendo wina adzafuna galimoto ya matayala abwino. Yankho limeneli ndi limene limandifooketsa. Munthu waona ndi maso ake, walipira kawiri, mnansi wake ali ndi pulasitala nthawi yokonza minda ikuyandikira, koma akukanabe kuvomereza kuti vuto linali matumba 15 aja. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, ndipo ife tikugwa chaka ndi chaka pamalo amodzimodzi.

Dziwaninso kuti inshuwalansi ya third party, yolipira anthu ena amene galimoto yawavulaza kapena kuwawonongera zinthu, imene magalimoto ambiri otere amayenda nayo, siilipira soya wanu akatayika, ndipo ngakhale amene ali ndi inshuwalansi yokulirapo akhoza kukanidwa malipiro zikadziwika kuti galimotoyo inapyola malire a katundu.

Msewu nawo timauwononga tokha kenako n'kumadandaula. Akatswiri a misewu anapeza kalekale kuti kulemera kwa pa ekiselo imodzi (chitsulo chogwira mawilo a mbali ziwiri) kukawirikiza kawiri, kuwonongeka kwa msewu sikuwirikiza kawiri ayi, koma pafupifupi ka 16. Ichi ndicho chifukwa chake lamulo la Public Roads Act la 2002 linapatsa bungwe loona za misewu la RDA udindo woteteza misewu ndi kuyeza magalimoto pa sikelo, ndipo malire ake ndi matani 8 pa ekiselo yakutsogolo, matani 10 pa ekiselo imodzi ya matayala anayi, ndi matani 56 pa thiraki yonse pamodzi ndi ngolo zake. Thiraki ikapezeka yapyola, imasungidwa mpaka katundu akonzedwe ndiponso ndalama zilipidwe, ndipo katundu amene akuchedwa pamenepo ndi wa mlimi. Eni ma Canter amaganiza kuti nkhani ya sikelo ndi ya mathiraki akuluakulu okha, koma galimoto iliyonse ili ndi malire amene anaikidwa ndi amene anaipanga, ndipo a RTSA, bungwe loona za chitetezo cha pamsewu, ndi apolisi a pamsewu ali ndi mphamvu yoimitsa yopyola malirewo. Misewu yathu ya fumbi ilibe sikelo, koma milatho yaing'ono ndi makalavati amene akuswedwa m'chilimwe chino ndi omwewo amene feteleza wa FISP, pologalamu ya boma yothandiza alimi ndi feteleza ndi mbewu, adzafunika kudutsapo mvula ikayamba.

Za oyendetsa ndilankhule mosabisa. Ambiri amene akutinyamulira zokolola anayamba ngati anyamata okweza katundu, naphunzira kutembenuza galimoto pabwalo la mpira, ndipo lero akutsika mapiri ndi matani 5 kumbuyo kwawo. Sindikunyoza chiyambi chimenecho, koma kudziwa kusintha magiya si kudziwa kuyendetsa galimoto yolemedwa. Layisensi ya kalasi B imathera pa galimoto ya makilogalamu 3,500 pamodzi ndi katundu wake, ndipo yoposa pamenepo mpaka makilogalamu 16,000 imafuna kalasi C1. Woyendetsa wophunzira bwino amatsika chitsikwe ndi giya yotsika, yamphamvu, kuti injini ithandize mabuleki, amayala katundu mofanana kuyambira kumutu kwa bodi, amayeza mpweya wa m'matayala asananyamuke, ndipo koposa zonse amatha kuuza mwini katundu kuti, "Ayi bambo, apa pakwana." Ku Lusaka kuli sukulu ya Industrial Training Centre imene imaphunzitsa oyendetsa magalimoto akuluakulu mothandizana ndi bungwe la ku Britain lothandiza pa za mayendedwe la Transaid, ndipo mwini magalimoto amene amatha kugula masipuling'i atsopano nyengo iliyonse angathenso kulipirira woyendetsa wake maphunziro oyenera. Mawu akuti "takhala tikunyamula chonchi kuyambira kale" ndatopa nawo, chifukwa amene amawanena sawerenga anzawo amene anasiya ntchitoyi galimoto itagubuduka.

Zochita n'zodziwika ndipo sindichedwapo. Yezani matumba anu pa sikelo ya kopaletivu musanaitane galimoto, kuti mudziwe makilogalamu onse pamodzi. Galimoto ikafika, onani manambala awiri olembedwa m'mbali mwake kapena m'mapepala ake, ya kulemera kwa galimoto yopanda kanthu ndi ya kulemera kwake kololedwa itanyamula. Mukachotsa yoyambayo pa yachiwiri, chotsalacho ndiye katundu wanu, ndipo mukachigawa ndi 50 mwapeza chiwerengero cha matumba. Pemphani kuona layisensi ya woyendetsa, ndipo musachite manyazi, popeza chuma cha chaka chonse ndi chanu. Gwirizanani mtengo ndi chiwerengero cha matumba pamaso pa mboni, monga a nyakwawa kapena mlembi wa kopaletivu, matumba asanayambe kukwezedwa. Otsala adikire ulendo wachiwiri, kapena sonkhanani midzi iwiri mubwereke lole yaikulu imodzi. Pamwamba pa katundu pasakwere munthu. Mmodzi akhale kutsogolo ndi woyendetsa, ena akwere basi.

Musaiwale zimenezi pamene mudzapita kukatenga feteleza ndi mbewu miyezi ikubwerayi. Thumba la feteleza la makilogalamu 50 ndi laling'ono poyerekeza ndi la chimanga cholemera chimodzimodzi, choncho matumba 60 adzaoneka ochepa m'bodi, ndipo nthawi imeneyo misewu ya kumidzi idzakhala itayamba kale kuterera.