Momwe mungayendere chigwa cha Shire pa njinga yakapalasa, kuchokera ku Nsanje mpaka ku Chikwawa

Anthu ambiri a ku Blantyre amangodutsa ku chigwa cha Shire pa minibasi, mawindo atatsegula, akudandaula za kutentha. Amaphonya zambiri. Dera limeneli ndi lathyathyathya ngati mphasa, mtsinje uli pambali panu, ndipo njinga ndiye galimoto ya aliyense: ya wa kabaza, ya mayi wopita kuchigayo, ya wogulitsa nsomba. Kuchokera ku Nsanje kukafika ku Chikwawa ndi makilomita pafupifupi 130, ulendo wa masiku atatu osathamanga. Koma kupanda zitunda kusakupusitseni. Kumeneku chimene chimagonjetsa munthu ndi dzuwa, mphepo ndi madzi, ndipo malangizo onsewa azungulira pa zitatuzi.

1. Sankhani mwezi

Pitani pakati pa Meyi ndi Ogasiti. Mu Okutobala ndi Novembala kumatentha kupitirira madigiri 40, moti phula limachita kuphika mapazi. Nthawi ya dzinja musayerekeze n'komwe. Shire, Ruo ndi Mwanza imasefukira, ndipo amene adaona zimene namondwe Freddy adachita mu Malichi 2023 safuna kuuzidwanso.

2. Yambirani kumunsi, muzipalasa chokwera

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Amaganiza kuti kutsatira madzi kupita ku Nsanje ndiye kosavuta. M'nyengo yozizira mphepo nthawi zambiri imachokera kummwera, ndiye mukaloza ku Nsanje mukhala mukulimbana nayo pachifuwa tsiku lonse. Pamalo opanda mapiri mphepo ndiyo chitunda, ndipo chitunda chimenechi chilibe potsetsereka poti mupumire. Kwezani njinga pa minibasi mpaka pa boma la Nsanje, mugone, m'mawa muyambe kulowera kumpoto mphepo ikukukankhani kumsana. Mukatero mwapewanso kutsika pa njinga mapiri okhotakhota a pakati pa Blantyre ndi Thabwa, malo amene amafuna mabuleki odalirika kwambiri.

3. Konzani njinga

Simukufunika njinga yodula ya magiya ambirimbiri. Ine ndimakonda njinga wamba yokhala ndi kaliyala wolimba, chifukwa ikawonongeka wokonza njinga wa pansi pa mtengo pa Tengani kapena pa Sorgin ali ndi zipangizo zake. Njinga yachilendo ikathyoka sipoko, mudzafunafuna yolowa m'malo mwake mpaka dzuwa kulowa.

Mangitsani masipoko, dzozani tcheni, ikani matayala atsopano ngati akale adalala. Tengani pampu, chubu chapadera, zigamba ndi guluu wake, sipanala, ndi malegeni omangira katundu. Minga ndi yambiri mukangopatuka pa phula. Chishalo chikhale choti mwachizolowera kale, osati chogula dzulo.

4. Madzi, chakudya ndi udzudzu

Nyamulani malita atatu kapena anayi, ndipo muzidzaza pa mjigo uliwonse umene mwaupeza. Mijigo ina ya m'chigwachi madzi ake ndi amchere, choncho funsani amayi amene akutunga kuti abwino akupezeka pati. Ikani m'chikwama mapaketi a Thanzi ORS ndi mankhwala othira m'madzi. Chakudya musavutike nacho: pa malo a malonda pali nsima ya mlamba, mbatata, thobwa, nthochi. Neti ya udzudzu musaisiye, ngakhale mukagona ku resitihausi. Ndalama zina zikhale za m'manja, zing'onozing'ono.

5. Gawani ulendo

Nyamukani kukungoyera, cha m'ma 5:30. Ikamakwana 11 koloko khalani muli pamthunzi, mudzayambirenso 3 koloko ngati mtunda watsala.

Tsiku loyamba, Nsanje mpaka Bangula, makilomita pafupifupi 50. Musananyamuke pitani mukaone doko limene lidatsegulidwa mu 2010. Kutsidya kwa madziwo ndi ku Mozambique. Kumanzere kwanu mapiri adzakuperekezani, kumanja madimba a chimanga ndi mbatata obiriwira pakati pa chilimwe. M'boma lomweli muli kachisi wa Mbona ku Khulubvi, koma amenewo si malo ongolowa ngati msika. Pali mwambo wake, ndipo mumayamba mwapempha kwa eni ake.

Tsiku lachiwiri ndilo ndimalikonda. Kumpoto kwa Bangula kuli dambo lalikulu la Elephant Marsh, limene David Livingstone adapezamo njovu zambirimbiri mu 1859. Njovuzo kulibenso, koma mbalame, migwalangwa ndi asodzi a m'mabwato zilipo, ndipo mu 2017 dambolo lidalowa m'kaundula wa madambo ofunika padziko lonse wa Ramsar. Siyani phula kwa maola angapo, mufunse njira yopita kudoko la asodzi. Mukafika m'mawa mudzapeza mabwato akubwera, amayi akupikisana mitengo, utsi wa nsomba zowamba uli tolotolo. Kenaka bwererani mu M1, mudutse pa Ngabu, kwawo kwa ng'ombe ndi thonje, mukagone ku Nchalo.

Olimba mtima angathe kuwoloka pa bwato kuchokera ku Bangula kupita tsidya la kum'mawa, monga anthu akhala akuchitira chidukireni njanji ndi msewu mu 1997, n'kukwera ndi msewu wa East Bank mpaka pa Thabwa. Ngati bwato ladzaza mopitirira, dikirani lina. Palibe chokuthamangitsani.

Tsiku lachitatu ndi la ngalande. Minda ya nzimbe ya ku Nchalo imathiriridwa ndi madzi a mu Shire, ndipo misewu ya m'mbali mwa ngalandezo ndi yowongoka, yokoma kupalasamo. Koma ndi malo a kampani, ndiye pemphani chilolezo kwa alonda pa geti, ndipo muzipatukira mathirakitala ndi malole a nzimbe. Kumadzulo kuli nkhalango ya Lengwe, yodziwika ndi nyala. Kuchokera ku Nchalo mpaka pa Dyeratu ndi mlatho wa Kamuzu ndi makilomita pafupifupi 30 okha. Mphamvu zikatsala, pitirirani ku Majete ndi mathithi a Kapichira, kumene kukuyambira ngalande yaikulu ya ulimi wothirira m'chigwachi. Njinga muisiye pa geti. M'katimo muli mikango ndi njovu.

6. Lemekezani mtsinje

Izi ndikunena ndi mtima wonse. Mu Shire muli ng'ona, ndipo zimagwira anthu. Musasambe, musachape, musakhale m'mphepete mwa madzi mapazi ali m'madzi, ngakhale thupi litatentha chotani. Ngalande nazo musazikhulupirire, ndipo madzi odekha amakhala ndi likodzo. Mvuu zimatuluka madzulo kukadya msipu, choncho musamange tenti pa kanjira kochokera kumadzi, ndipo musapalase kukada. Mukafuna kusamba, pemphani ndowa pakhomo pa munthu.

7. Lemekezani eni dera

Kuno mudzamva Chisena ndi Chimang'anja, koma Chichewa chikuyendetsani bwinobwino. Perekani moni musanafunse njira: "Wawa bambo, ndifunseko." Dzuwa likakuloŵerani pamudzi, funsani kwa a nyakwawa, mudzifotokoze kumene mwachokera ndi kumene mukupita, iwo adzakuuzani pogona. Musajambule munthu osapempha. Mukaona masamba ataikidwa mopingasa msewu, pamenepo pali maliro. Tsikani, vulani chipewa, kankhani njinga mpaka mutadutsa masamba a mbali inayo.

8. Kubwerera

Pa Thabwa kapena pa Dyeratu minibasi zopita ku Blantyre sizisowa. Gwirizanani mtengo wa njinga musanakweze, ndipo muonetsetse nokha mmene aimangirira, makamaka mbali ya tcheni. Mukafika kunyumba n'kumva kuphwanya m'thupi kapena kutentha m'masabata otsatira, pitani msanga mukayezetse malungo, muwauze achipatala kuti mwachokera ku chigwa cha Shire.