Kulemba mbiri ya agogo amene anathawa ku Vietnam

Ana athu ena ochokera kuno ku Harare anapeza mabanja ku Australia, ku Britain ndi ku America, ndipo ena analowa m'mabanja a anthu a ku Vietnam. Asebele anu akamwalira, a banja lawo akhoza kukupemphani kuti mulembe mawu, kapena inuyo mukhoza kufuna kuwakumbukira pakhomo panu ku Mufakose kapena ku Mbare. Mbiri ya malemu timaidziwa kuyambira pa maliro athu, koma iyi ili ndi malo angapo oterera.

Yambani ndi dzina. Ku Vietnam dzina la banja limakhala koyambirira, lapakati n'kutsatira, la munthu mwini n'kumalizira, ndipo munthu amaitanidwa ndi lomalizalo. Mukangotenga loyamba, monga Nguyễn, mwatchula dzina la anthu miyandamiyanda. Mapepala a kunja nthawi zambiri amatembenuza mayinawa, choncho pemphani mwana wa malemu akulembereni dzina lonse pa WhatsApp, akujambulireninso mawu a katchulidwe kake. Funsaninso mmene adzukulu ankawaitanira. Ife timangoti agogo, koma iwo amati ông nội kwa bambo a bambo, ông ngoại kwa bambo a mayi. Poimba foni kwa abale otsala ku Vietnam, kumbukirani kuti ali patsogolo pa Harare ndi maola 5.

Kenako ulendo wawo wothawa. Mzinda wa Saigon, likulu la South Vietnam, unagwa m'manja mwa asilikali a North Vietnam pa 30 April 1975, koma si onse anachoka chaka chimenecho. Ambiri anathawa pa mabwato mu 1978 ndi 1979, ena atakhala zaka m'misasa ya ukaidi, ndipo ena anachoka pa ndege kudzera m'dongosolo la Orderly Departure Program limene linayamba mu 1979. Funsani zinthu zinayi: chaka chimene anachoka, kumene anakwerera, msasa wa othawa kwawo umene anafikira, ndi dziko limene linawalandira. Misasa yodziwika ndi Pulau Bidong ku Malaysia, Galang ku Indonesia ndi ya ku Hong Kong. Ngati tsiku lobadwa la pa mapepala likusiyana ndi limene banja likudziwa, musadabwe, zinkasokonekera polembetsa m'misasa. Lembani limene banja lavomereza.

Za panyanja musakumbe. Anthu ambiri anamira, ena anachitidwa nkhanza ndi achiwembu a m'nyanja ya kufupi ndi Thailand, ndipo alipo agogo amene sanauzeko ngakhale ana awo. Zimene malemu anasunga mumtima zisatulukire pa gulu chifukwa cha inu. Ziganizo ziwiri kapena zitatu n'zokwanira.

Zinthu ziwiri zimene zimapweteka mitima mosayembekezera ndi mbendera ndi dzina la mzinda. Mukafufuza pa intaneti mupeza mbendera yofiira ya nyenyezi yachikasu, imene ndi ya boma limene malemuwo ankathawa. Mabanja ambiri othawa kwawo amalemekeza yachikasu ya mizere itatu yofiira. Musaike iliyonse pa pulogalamu musanafunse. Nawonso mzinda wa Saigon unasinthidwa dzina mu 1976 kukhala Ho Chi Minh City, koma pa mwambo wotere nenani kuti Saigon.

Gawo lalikulu la mbiri lipite kwa munthuyo monga agogo, chifukwa ulendo wa pa bwato unali wa masiku owerengeka pamene adzukulu anawalera kwa zaka zambiri. Apa m'pamene ambiri timalakwitsa: timadzaza tsamba ndi nkhondo, adzukulu n'kumamvetsera ngati tikunena za mlendo. Funsani mdzukulu aliyense chinthu chimodzi chimene akukumbuka: chakudya chimene ankawaphikira, mawu amene ankakonda kubwereza, amene ankakawatenga kusukulu, zimene ankalima kuseri kwa nyumba. Lembani monga momwe mwana wanenera, osakometsera. Mawu akuti "anali munthu wabwino" amayenera aliyense, koma akuti ankasenda zipatso n'kuyamba kupatsa wamng'ono kwambiri ndi a iwo okha. Mbiri yonse isapitirire mphindi 5 powerenga, ndipo ngati pali womasulira m'Chingerezi kapena m'Chishona, ifupikitseni ndi theka.

Popita kokasindikiza m'tauni, tengani PDF. Zilembo za Chivietinamu zili ndi tizizindikiro pamwamba ndi pansi, ndipo pa kompyuta ina timasanduka timabokosi. Onani pepala limodzi asanasindikize onse.

Pa mwambo, mtundu wa zovala za maliro kwa iwo ndi woyera, ndipo zovala zofiira zisiyeni. Ikani chithunzi cha malemu pa tebulo, maluwa oyera kapena achikasu ndi mbale ya zipatso. Ngati banja limafukiza lubani, timitengo take timakhala kamodzi kapena titatu. Mabanja achibuda amasunga tsiku la 49 ndi la 100 kuchokera pa imfa, koma Akatolika amapempha Misa, choncho funsani chipembedzo. Chikumbutso cha chaka ndi chaka, chimene amachitcha giỗ, mabanja ambiri amachiwerengera pa kalendala ya mwezi, motero tsiku lake pa kalendala yathu limasuntha. Chaka chilichonse funsani mpongozi kapena mkamwini wanu tsiku lenileni, mwezi umodzi lisanafike.