Momwe mungakonzekeretsere ana a sekondale pa mpikisano wa masamu a modelo

Mpikisano wa HiMCM, umene bungwe la COMAP la ku America limachititsa mu Novembala chaka chilichonse, ndi wosiyana ndi mayeso a MSCE. Timu ya ana osapitirira anayi a sukulu imodzi imapatsidwa mavuto awiri enieni a m'dziko, isankhepo limodzi, ilisandutse masamu (imeneyi ndiyo modelo), kenako ilembe lipoti la Chingerezi losapitirira masamba 25. Nthawi yake ndi pafupifupi masabata awiri. Mu 2021 panali funso la kuphwa kwa madzi mu Lake Mead, mu 2022 la njuchi, mu 2023 la mabasi oyendera magetsi. Mwana wa ku Malindi kapena ku Monkey Bay amene adaona nyanja ikulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo mu 2024 sangadabwe ndi mafunso otere. Chimene chimamusowa ndi njira yogwirira ntchitoyo. Palinso mpikisano wina wa IMMC, wa masiku asanu otsatizana, koma kumeneko dziko lililonse limatumiza matimu awiri okha, choncho pano tikhale pa HiMCM.

Kusankha timu

Aphunzitsi, musangotenga ana anayi amene amakhoza masamu kwambiri m'kalasi. Mukufuna mmodzi wa aljebra wamphamvu, mmodzi wosaopa kompyuta, mmodzi wolemba Chingerezi chomveka, ndi mmodzi wa makani abwino, amene amafunsa kuti "nambala imeneyi mwaitenga kuti?" Wachinayiyu ndi amene amapulumutsa timu. A Fomu 3 ndi abwino chifukwa ma graph awaonako kale pamene phuma la mayeso silinawagwire. Ngati sukulu ndi yoyendera, ganizirani mtunda: mwana wochokera kutali amene amayenera kunyamuka dzuwa lisanalowe adzasiya anzake pakati pa ntchito tsiku lililonse.

Dziwani msanga kuti mafunso akangotuluka, inu ngati mlangizi simuloledwanso kuthandiza pa masamuwo. Ana akhoza kuwerenga mabuku ndi intaneti, koma sakambirana funsolo ndi munthu aliyense kunja kwa timu. Kuphunzitsa konse kuchitike mu Seputembala ndi Okutobala.

Zipangizo ndi kulembetsa

Laputopu imodzi ndi yokwanira, ziwiri ndi bwino. Ikanimo mapulogalamu a LibreOffice (yolembera ndi kuwerengetsera) ndi GeoGebra (yojambulira ma graph), zonse ndi zaulere ndipo zimagwira popanda intaneti. Musalipire anyamata a pa msika amene amaika Excel yakuba kuchokera pa fulashi. Imabwera ndi mavairasi ndipo imadzitseka tsiku limene mukuifunitsitsa. Makalikuleta otchipa olembedwa Casio amene amagulitsidwa pansi nawonso ambiri ndi achinyengo, mabatani amafufutika temu isanathe. Pa mpikisano uno kalikuleta si yofunika kwenikweni, ndalamazo gulirani bandulo ndi fulashi yatsopano yosungirapo ntchito madzulo aliwonse. Novembala ndi nthawi ya mvula yoyamba ndi kuthimathima kwa magetsi, ndiye kambiranani ndi a hedi za chipinda chimene chili ndi sola.

Wolembetsa timu pa webusaiti ya COMAP ndi mphunzitsi. M'zaka zapitazi malipiro akhala madola 100 pa timu, olipira pa khadi la banki. Onani pa webusaitipo mtengo wa chaka chino. Poti ndalama zakunja zimavuta, pitani ku banki mwezi wathunthu nthawi isanakwane. Munthu wa pa WhatsApp wonena kuti mumutumizire makwacha akulipirireni, mukaneni. Mukalembetsa mumalandira nambala ya timu, ndipo popanda nambalayo palibe chimene mwalembetsa. Ngati madolawo alephereka, mafunso a zaka zam'mbuyo alipo aulere pa webusaiti yomweyo, ndipo masukulu atatu kapena anayi oyandikana akhoza kupikisana okha pa funso limodzi.

Kuyeserera ndi nsomba za m'nyanja yathu

Funso loyeserera likhale la pakhomo: asodzi angagwire nsomba zochuluka bwanji pa chaka popanda kuzitha? Mbiri ya kuchepa kwa chambo cha m'nyanja ya Malombe ana amaimva kwa agogo awo, ndiye sipafunika kuwakopa.

Modelo yake ndi iyi. N ndi matani a nsomba amene alipo chaka chino, K ndi matani amene malowo angathe kusunga, r ndi liwiro la kuswana pa chaka, H ndi zogwidwa pa chaka. Nsomba za chaka chamawa ndi N + rN(1 − N/K) − H. Manambala otsatirawa ndi ongophunzitsira: K ikhale 1,000, r ikhale 0.4, tiyambe ndi matani 500.

Mu spreadsheet (tsamba la mabokosi owerengetsera la mu LibreOffice) lembani r m'kabokosi E1, K mu E2, H mu E3. Zaka zitsike mu mzere A, 500 alowe mu B2. Mu B3 lembani =MAX(0,B2+$E$1*B2*(1-B2/$E$2)-$E$3) ndi kukokera pansi zaka 30. Zizindikiro za dola zimagwira kabokosi kuti kasasunthe pokoka. Mukaziiwala, mzere wachiwiri womwe uyamba kuwerenga mabokosi olakwika. MAX ija imaletsa kuti nsomba zipite pansi pa ziro.

Tsopano asiyeni ana asinthe H. Pa 100, nsomba zimakhala pa 500 osasuntha, chifukwa kuswana kumafika pachimake N ikakhala theka la K, ndipo pachimakepo ndi rK/4, ndiye kuti matani 100. Pa 80, zimakwera n'kukhazikika cha pa 724. Pa 120, zimatsika pang'onopang'ono: 480 chaka choyamba, cha pa 395 chachisanu, cha pa 241 chakhumi, ndipo chaka cha 14 nsomba zatheratu. Aonetseni kuti m'zaka zonse zoyambazo asodzi akugwirabe matani 120 awo, ndipo pa gombe palibe amene akuona vuto.

Pamene matimu ambiri amagwera

Fomula si imene imagwetsa ana. Amagwa pa miyezo ndi pa zinthu zimene angoziganizira osazilemba, ndipo apa khalanipo masabata awiri athunthu ngakhale ana atope.

Atumeni ku gombe akafunse za nsomba zogwidwa. Adzabwera ndi mayankho a ndowa, mabeseni, milu, ndi madazeni a chambo. Palibe msodzi adzawauze matani. Ndiye funso loyamba: ndowa imodzi ndi makilogalamu angati? Ayeze okha pa sikelo ndowa zingapo, atenge avereji, alembe kuti anayeza zingati. Funso lachiwiri: usipawo ndi wauwisi kapena wouma pa thandala? Wouma wataya madzi ambiri ndipo ndi wopepuka kwambiri, choncho mukaphatikiza makilogalamu a wouma ndi a wauwisi mu mzere umodzi, H yanu yatsika popanda chifukwa ndipo modelo idzanena kuti nyanja ili bwino pamene sili bwino.

Kachitatu ndi nthawi. r yathu ndi ya pa chaka. Mwana akapeza zogwidwa za pa mwezi n'kuziika mu E3 momwemo, ndiye kuti wachepetsa usodzi ka 12. Wina amazindikira zimenezi, n'kuchulukitsa mwezi umodzi ka 12, kuiwala kuti pali miyezi yotseka nyanja pamene makoka ena saloledwa, ndiponso kuti nthawi ya mwera mabwato ambiri sapita pa madzi. Mwezi umodzi wa nsomba zambiri sungaimire chaka. Lamulo la timu likhale lakuti nambala iliyonse mu spreadsheet ili ndi muyezo wake pambali, monga "matani pa chaka", ndi kumene yachokera. Nambala yopanda ziwirizi ifufutidwe.

Palinso msampha wina wobisika kwambiri. Zogwidwa si nsomba zimene zili m'madzi. Matani ofika pa gombe akhoza kukwera chifukwa mabwato achuluka kapena maukonde ndi a maso ang'onoang'ono, pamene nsombazo zikutha. Chimene chimasonyeza bwino ndi zogwidwa pa ulendo umodzi wa bwato limodzi: gawani matani ndi chiwerengero cha maulendo. Ngati nambala imeneyo ikutsika chaka ndi chaka, nsomba zikuchepa, kaya msika wadzaza bwanji. Pa nthawi yoyeserera, ana akhoza kupempha ku ofesi ya za usodzi pa boma, ku malo a kafukufuku wa nsomba ku Monkey Bay, kapena ku koleji ya usodzi ku Mpwepwe kuti awafotokozere momwe manambala otere amatoleredwa. Apite ndi kalata ya sukulu.

Zonse zimene timu yangoganizira zilembedwe poyera, chilichonse ndi chifukwa chake: tatenga kuti nsomba sizikulowa kuchokera mu Shire, tatenga kuti r sasintha chaka cha chilala, tatenga mtundu umodzi wokha wa nsomba. Oweruza sadana ndi kuphweketsa vuto, chifukwa modelo iliyonse imaphweketsa. Chimene amachotsera mamalikisi ndi kuphweketsa mobisa, kapena kulemba mndandanda wa ma assumption (zongoganizira zija) khumi amene sakuonekanso pena paliponse mu masamuwo. Asanu ogwira ntchito aposa khumi okongoletsa.

Kenako igwedezeni modeloyo. Tsitsani r ndi 10 peresenti, ikhale 0.36. Pachimake patsika kufika matani 90, ndiye kuti 100 uja amene amaoneka wabwino tsopano akutha nsomba. Koma 80 akupirirabe, nsomba zikukhazikika cha pa 667. Apa timu yapeza chonena chenicheni: langizani 80, osati 100, chifukwa r sitikuidziwa bwinobwino. Chitani chimodzimodzi ndi K. Timu yodumpha gawo limeneli kawirikawiri sipita patali, ngakhale masamu ake akhale okongola.

Masabata awiri a mpikisano

Tsiku loyamba awerenge mafunso onse awiri ndi kusankha. Tsiku lachiwiri likamatha asasinthenso. Ayambe ndi modelo yaing'ono imene ikupereka yankho pofika tsiku lachinayi, zokometsera zibwere pambuyo. Wolemba ayambe kulemba tsiku lachitatu, asadikire kuti masamu athe. Funso likapempha kalata kapena nkhani ya tsamba limodzi yopita kwa anthu wamba, imeneyo ilembedwe popanda fomula.

Tsamba loyamba, la chidule cha lipoti (Summary Sheet), lilembedwe pomaliza koma lipatsidwe tsiku lathunthu, chifukwa ndi limene oweruza amayamba kuwerenga. Linene vuto, njira, ndi mayankho ndi manambala ake. Graph iliyonse ikhale ndi mutu ndi miyezo. Chilichonse chotengedwa kwina chitchulidwe kumene chachokera, ndipo ngati ana agwiritsa ntchito ChatGPT kapena zina zotere, malamulo amafuna kuti anene poyera. Werengani gawo limenelo la malamulo limodzi nawo mpikisano usanayambe. Aliyense wodzipereka kuti awalembera lipoti pa mtengo akuwagulitsa kuchotsedwa mu mpikisano.

Dzina la mwana, la mphunzitsi kapena la sukulu lisaoneke pena paliponse, nambala ya timu yokha. Sungani ngati PDF, werengani masamba kuti asapitirire 25. Nthawi yotsekera ndi ya kum'mawa kwa America, ndipo mu Novembala ife timakhala patsogolo ndi maola 7: ikakhala 8 koloko usiku kumeneko, kuno ndi 3 koloko m'bandakucha wa tsiku lotsatira. Musadikire usiku umenewo. Tumizani masana a dzulo lake netiweki ikadali bwino, ndipo jambulani uthenga wotsimikiza kuti lipoti lafika.