Musanazike mtengo woyamba wa khola lonenepetsera ng'ombe

Alimi anzanga, ng'ombe yowonda yogula ku Chikwawa kapena ku Nsanje, ikadya madeya, mapesi ndi masangwi a mtedza kwa miyezi itatu kapena inayi, imatuluka m'khola ili ndi mtengo wina. Phindu lilipo ndithu. Koma makola ambiri amayambanitsa eni ake ndi oyandikana nawo, ndipo gwero lake limakhala malo amene khola linamangidwa.

Mawu akuti "amfumu anandipatsa malo" sakwanira. Kukhala mwini malo n'kwina, kuloledwa kuikapo ng'ombe makumi asanu pafupi ndi nyumba za anthu n'kwinanso. Lamulo la Physical Planning la 2016 linaika dziko lonse, ndi midzi yomwe, pansi pa ndondomeko ya kagwiritsidwe ntchito ka malo, choncho pitani kukhonsolo musanagule ndi msomali womwe. Khola likakhala lalikulu, funsaninso ku MEPA, bungwe la boma loteteza chilengedwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la zachilengedwe la 2017, ngati pakufunika kauniuni woona mmene ntchitoyo ingakhudzire anthu ndi chilengedwe.

Ngakhale mapepala onse atakhalapo, mayi amene akuthamangitsa ntchentche pa nsima ya ana ake sadzakhala chete, ndipo ine sindingawadzudzule. Ng'ombe imodzi yaikulu imatulutsa ndowe zoposa makilogalamu 10 patsiku. Zoweta kudambo zimamwaza ndowezo m'tchire, pomwe za m'khola zimaunjika zonse pamodzi, ndi mkodzo womwe. Mvula ya Januwale ikagwa, madzi akudawo amatsata kutsetsereka kwa nthaka, ndipo ngati kumunsi kuli chitsime kapena mjigo, mudzi wonse umamwa zomwezo. Mamita 30 otalikirana ndi chitsime amene timanena pokumba chimbudzi ndi ochepa kwa khola lotere. Khalani kumunsi kwa chitsime, kutali ndi mtsinje, mukumbe ngalande yopatutsa madzi a mvula kumtunda kwa khola ndi dzenje lolandira zotuluka kumunsi kwake. Yenderani malowo mvula ikugwa, chifukwa m'chilimwe njira ya madzi sioneka.

Mphepo nayonso muiwerengere. Mwera wa m'nyengo yozizira umachokera kummwera chakum'mawa, ndiye nyumba zili kumpoto chakumadzulo kwa khola ndizo zidzalandire fungo. Kokolani ndowe pafupipafupi, muziunjike pamthunzi n'kuzikwirira ndi udzu kuti ziwole. Manyowawo mukagawirako oyandikana nawo a madimba, nkhani zambiri zimazizira.

Inu amene khola likukusowetsani mtendere, musathyole mpanda kapena kuvulaza ziweto, mlandu udzatembenukira inu. Yambani ndi mwini khola, kenako amfumu ndi komiti ya za malo ya m'dera lanu. Itanani alangizi a ziweto ndi azaumoyo adzaone okha ntchentche ndi madziwo. Zimene mwagwirizana zilembedwe: chiwerengero cha ng'ombe, masiku okokola ndowe, ndi tsiku limene onse adzabwerenso kudzayendera kholalo.