Momwe mungasankhire sopo wa m'manja ngati mumachita mipikisano yowombera chandamale

Chomwe woombera chandamale akulimbana nacho pampopi si thukuta kapena mafuta a mfuti. Ndi mtovu. Tizipolopolo ta mfuti ya mpweya ta 4.5 mm, tomwe timagwiritsa ntchito pa mamita 10, nthawi zambiri timakhala ta mtovu, ndipo kalikonse kamadutsa m'zala zanu kasanalowe mumfuti. Zipolopolo za .22 zilinso chimodzimodzi. Ngakhale primer, kachitsulo kakumbuyo komwe kamayatsa onga, kawirikawiri kamakhala ndi mankhwala a mtovu otchedwa lead styphnate, kotero mukangokhethemula, fumbi losaoneka limatera pamanja, pankhope ndi pamalaya. Mtovuwo umadzalowa m'thupi mukamadya, kusuta kapena kupukuta pakamwa. Bungwe la WHO limanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'magazi womwe umadziwika kuti ndi wosavulaza, ndipo ana ndi amene amapwetekeka kwambiri.

Choyamba, sanitayiza muiwaleni. Amapha majeremusi, koma mtovu ndi chitsulo, ndiye amangoumwaza padzanja lonse.

Chachiwiri, tembenuzani botolo muwerenge kumbuyo. Ofufuza a NIOSH, bungwe loona za chitetezo cha ogwira ntchito ku America, anapeza kuti sopo wamba ndi madzi amasiya mtovu wina pakhungu. Iwo anakonza njira yosakaniza asidi wofatsa ndi mankhwala onyamula fumbi la zitsulo, yomwe imagulitsidwa pa dzina la Hygenall. Wina wodziwika pakati pa oombera ndi D-Lead. Mayina ena alipo, koma botololo linene mosabisa kuti ndi lochotsa mtovu, lionetse wopanga komanso zomwe zilimo. Mukaona mawu oti EDTA, mankhwala ogwira zitsulo, kumapeto kwa mndandanda musafulumire kusangalala, chifukwa sopo wambiri wosambira amakhala nayo pang'ono pa zifukwa zina. Sopo weniweni wochotsa mtovu ndi wokwera mtengo, inde. Njira yachidule ndi kusonkherana ndi anzanu a kukalabu, kugula chigubu chachikulu n'kugawana m'mabotolo.

Chachitatu, muyeseni sopoyo musanamudalire. Apa ndi pomwe zinandivuta, ndiye ndikhalapo pang'ono. Wogulitsa wina pa intaneti ananditumizira botolo lotchipa modabwitsa, lolembedwa kuti limachotsa zitsulo zonse zoopsa. Chizindikiro chake chinali chomata mopendekeka, adiresi ya wopanga panalibe, tsiku lopangira panalibe. Mkati munali sopo wonunkhira malalanje, wokhala ndi timchenga, wofanana ndi amene amakaniko amachotsera girisi. Ankayeretsa manja mpaka kuwala, koma khungu la m'mbali mwa zikhadabo linayamba kung'aluka, ndipo chala chokhethemulira chinauma nsonga yake. Pa mfuti ya mpweya yaifupi, malamulo a ISSF, bungwe loyendetsa masewerawa pa dziko lonse, amafuna kuti chokhethemulira chilemere magalamu osachepera 500 pochikoka, ndipo chala chiyenera kumva bwino pomwe kulemerako kukuthera. Chala chothetheka chimamva ululu poyamba, kulemera pambuyo.

Choipitsitsa ndinachiona nditayesa. Pali mankhwala otchedwa sodium rhodizonate, omwe amagulitsidwa m'timapaketi toyesera mtovu. Mumasamba monga mwa masiku onse, n'kupukuta manja mwamphamvu ndi kansalu konyowa ka m'paketimo, makamaka pakati pa zala ndi kuzungulira zikhadabo. Mankhwalawo mumathira pakansaluko, osati pakhungu. Mwachibadwa amaoneka achikasu chopita ku olenji, koma akakumana ndi mtovu amasanduka apinki kapena ofiira. Kansalu kanga kanatuluka ndi timizere tapinki pomwe panadutsa chala chachikulu ndi chamkombaphala, zala zotolera tizipolopolo zija. Sopoyo ankangopala khungu, mtovu n'kuusiya m'ming'alu. Choncho botolo lililonse latsopano, ngakhale la dzina lodziwika, liyeseni kamodzi. Mankhwala oyeserawo akasungunulidwa sachedwa kutha mphamvu, ndiye yambani mwapukuta kachipolopolo ndi kansalu kena kuti muone ngati akufiiradi. Akapanda kufiira pamenepo, atayeni. Ogulitsa ena amatumizanso timapaketi tomwe tinakhalitsa m'shelefu.

Chachinayi, ganizirani za kagwiridwe. Sopo wokhala ndi mafuta ofewetsa khungu amasiya dzanja loterera, ndipo mfuti yaifupi imakhala ikusuntha m'dzanja pakati pa kuwombera. Musanalowe pamzere wowomberera, sambani ndi sopo wopanda mafuta ndi wopanda fungo. Mafuta odzola ndi a usiku, mpikisano utatha. Amene mumapaka choko m'manja, dziwani kuti chokocho chimasunga fumbi, ndiye muzisamba kawiri.

Chachisanu ndi kasambidwe. Madzi ozizira kapena ofunda pang'ono, thovu lifike mpaka m'zigongono, masekondi osachepera 20, kabulashi m'zikhadabo, kenako kumaso. Pukutani ndi pepala lotaya, osati thaulo la m'chikwama cha mfuti. Kumene kulibe mpopi, tinsalu tochotsa mtovu tithandiza musanagwire botolo la madzi, foni kapena chiwongolero.

Zotsalazi n'zodziwika. Sambaninso mukatha kupukuta mfuti kapena kutola makoko a zipolopolo. Zovala za kubwalo muzichapa pazokha, ndipo musanyamule mwana musanasinthe. Ngati mumawombera kawirikawiri m'bwalo la m'nyumba, pemphani dokotala akuyezeni mtovu m'magazi, pakuti wina umalowa ndi mpweya wopuma, komwe sopo safika.